Kodi Ndigule Zaka Zoonjezera pa Penshoni ya Boma?

Funsani za Ndalama: mayankho a makalata a owerenga athu a ku Johannesburg

Funso

Alangizi, ndine namwino pa chipatala china cha boma muno mu Johannesburg, ndili ndi zaka 50, ndipo kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera ku Joni mu 2005, koma zaka zoyambirira ndinkagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba ndiponso kudzera ku ma ejensi, mpaka mu 2013 pamene ndinalembedwa ntchito yokhazikika m'boma nditapeza chiphaso chokhala m'dziko muno mokhazikika. Kuyambira pamenepo ndimadulidwa ndalama za penshoni ya GEPF mwezi ndi mwezi. Mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti nkotheka kugula zaka zimene sindinali m'boma kuti ziwerengedwe ngati ndinazigwira, ndipo nditalemba fomu, a penshoni anandiyankha kuti zaka zitatu mtengo wake ndi R255,000. Malipiro anga amene amawerengerapo penshoni ndi R360,000 pachaka. Kubanki ndasunga R180,000, koma ndilinso ndi ngongole ya kubanki ndi ya kusitolo ya mipando, zonse pamodzi R35,000. Mnzangayo akuti nditenge ngongole ina kuti ndikwanitse zaka zitatuzo msanga, chifukwa mtengo umakwera chaka ndi chaka. Abambo akunyumba akukanitsitsa. Iwo akuti ndalamazo timalizire nyumba imene tinayamba kumanga ku Area 49 ku Lilongwe kuti tiikemo alendi, ndipo akuti ndalama za penshoni za boma lino anthu akuluakulu anazidya kale. Cholinga chathu nchakuti ndikadzakwanitsa zaka 60 tidzabwerere kumudzi. Ndichite chiyani?

*Namwino, Rosettenville*

Yankho

Mayi, maganizo anga ndi akuti kugula zaka ndi chinthu chanzeru kwa munthu wa msinkhu wanu amene watsimikiza mtima kuti akhala m'boma mpaka zaka 60, koma musagule zaka zonse zitatu panopa, ndipo ngongole ya kubanki musaiyandikire. Zifukwa zake zikufuna masamu pang'ono, ndipo ndikupempha kuti muwerenge limodzi ndi abambo, chifukwa nkhaniyi ikuwakhudza kuposa mmene iwo akuganizira.

Thumba la Government Employees Pension Fund (GEPF), la penshoni ya antchito a boma la South Africa, linakhazikitsidwa mu 1996 pophatikiza matumba angapo a penshoni za boma amene analipo kale, ndipo ndi lalikulu kuposa thumba lina lililonse la penshoni mu Africa, lokhala ndi anthu oposa 1.2 miliyoni amene akusonkha. Inu mumadulidwa 7.5 peresenti ya malipiro anu, ndipo boma limaikapo 13 peresenti, pamene kwa apolisi, asilikali ndi oyang'anira ndende limaika 16 peresenti. Komabe penshoni yanu sidzawerengedwa potengera ndalama zimene mwasonkha kapena phindu limene ndalamazo zabala. Idzawerengedwa ndi zinthu ziwiri zokha, zomwe ndi malipiro anu omaliza, amene amapezeka potenga avareji ya miyezi 24 yomaliza, ndi chiwerengero cha zaka zimene thumbalo likuzizindikira kuti ndi zaka zanu za ntchito. Munthu amene wapuma atakwanitsa zaka 10 kapena kuposerapo amalandira gratuity, ndalama ya nthawi imodzi, imene ndi 6.72 peresenti ya malipiro omaliza kuchulukitsa ndi zaka zake, ndipo amalandiranso penshoni ya mwezi ndi mwezi, imene pachaka imakhala malipiro omaliza kugawa ndi 55, kuchulukitsa ndi zaka zake, kuonjezerapo R360. Mukagula chaka, mwangokweza nambala ya zaka m'masamu awiriwa.

Thumbali limalola kugula nthawi ya mitundu itatu: tchuthi chosalipidwa chimene chinapitirira masiku 120, zaka zimene munthu anagwirapo m'boma kale n'kusiya atalandira ndalama zake, ndi nthawi ina iliyonse kuyambira pamene munthu anakwanitsa zaka 18 mpaka tsiku limene analowa m'thumbali. Zanu ndi za mtundu wachitatuwu, ndipo mtengo wake ndi wowawa chifukwa palibe bwana amene akukuthandizani: gawo lanu ndi gawo limene boma likanaika, zonse zikuchokera m'thumba mwanu. Mtengowo amauwerengera potengera msinkhu wanu ndi malipiro anu pa nthawi imene mwafunsira, ndiye pamenepo mnzanuyo sakunama kuti umakwera.

Tsopano tione chimene R255,000 ikukugulirani, tikawerengera ndi malipiro a lero. Chaka chimodzi chikuonjezera R6,545 pa penshoni yanu ya pachaka, imene ndi R545 pamwezi, ndiponso R24,192 pa gratuity. Zaka zitatu zikuonjezera R19,636 pachaka, kapena kuti R1,636 pamwezi, ndi R72,576 pa gratuity. Tikachotsa gratuity imeneyo pa mtengo wonse, patsala R182,424 imene iyenera kubwerera kudzera mu penshoni ya mwezi ndi mwezi, ndipo zimenezi zitenga zaka zoposa 9 pang'ono kuchokera tsiku limene mwapuma. Mwa kulankhula kwina, ndalama yanu idzakhala itabwerera yonse mukamayandikira zaka 70, ndipo zonse zimene mudzalandire kupitirira pamenepo ndiye phindu lanu. Wina anganene kuti masamuwa akusiya chiwongoladzanja chimene ndalamayo ikanabala pa zaka 10 zimene zatsala musanapume, ndipo akhala akunena zoona. Koma akusiyanso kukwera kwa malipiro anu, chifukwa chaka chimene mwagula lero pa malipiro a R360,000 chidzakulipirani potengera malipiro amene mudzakhale mukulandira m'miyezi 24 yomaliza musanapume. Ngati pali giredi imene mukuyembekezera kukwera, kapena maphunziro apadera a unamwino amene angakusinthireni malipiro, mugule musanakwere, chifukwa phindu lenileni la kugula zaka lagona pamenepo.

Masamu amenewa saonetsa zinthu zitatu zimene kwa ine ndi zolemera kuposa manambala. Choyamba nchakuti penshoniyi siitha inu muli moyo, kaya mufike zaka 75 kaya 95, ndipo malamulo a thumbali amalamula kuti pa 1 Epulo chaka chilichonse ikwezedwe ndi ndalama yosachepera 75 peresenti ya mmene mitengo ya zinthu yakwerera. Chachiwiri chikukhudza abambo: inu mutatsogola mutapuma kale, iwo adzalandira theka la penshoni yanu moyo wawo wonse, ndipo pa nthawi yopuma muli ndi ufulu wosankha kuti adzalandire 75 peresenti, ngati mwavomera kuti gratuity kapena penshoni yanu ichepeko pang'ono. Komanso munthu akamwalira zaka 5 zisanathe chipumire, penshoni ya miyezi yotsala pa zaka zisanuzo imaperekedwa nthawi imodzi kwa anthu amene anawalembetsa. Chachitatu ndi ndalama imene mudzalipidwe nayo. Mwanena kuti mudzabwerera kumudzi, ndipo nonse mukukumbukira kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Randi nayo imagwa, koma munthu wolandira penshoni ya marandi ali ku Ntcheu kapena ku Lilongwe saona mavuto ofanana ndi a mnzake amene ndalama yake yonse imabwera m'makwacha, ndipo lendi ya nyumba ya ku Area 49 idzabwera m'makwacha.

Kuipa kwake kuliponso, ndipo sindikufuna kukubisirani. Kugula zaka kuli ngati kugula ng'ombe ya mkaka imene mudzayambe kuikama patapita zaka khumi, imene simungaigulitse tsiku limene kwagwa maliro. Ndalama ikalowa m'thumbali simungaitenge mmene mwafunira, simungaisiyire ana ngati mmene mungawasiyire nyumba, ndipo inu ndi abambo mutapita msanga nonse, gawo la ndalamazo lidzatsalira thumba. Ngati muli ndi matenda amene inu eni monga namwino mukudziwa kuti amafupikitsa moyo, kapena ngati mumtima mwanu muli maganizo opita kukagwira ntchito ku UK kapena ku chipatala cha pulayiveti zaka zikubwerazi, musagule ngakhale mwezi umodzi. Munthu wosiya ntchito yekha salandira penshoni ya mwezi ndi mwezi ya thumbali, ndipo ndalama imene watenga m'manja posiya imadulidwa msonkho waukulu, chifukwa R27,500 yoyamba yokha ndi imene siidulidwa, pamene wopuma pa nthawi yake sadulidwa msonkho pa R550,000 yoyamba. Mu 2014 ndi 2015 aphunzitsi ndi anamwino ambiri anasiya ntchito chifukwa cha mphekesera zakuti boma litseka ndalama zawo, ndipo ambiri mwa iwo anabwereranso kudzafunsira ntchito yomweyo, n'kuyambiranso kuwerenga zaka kuchokera pa ziro. Kupuma msanga nakonso kuli ndi mtengo wake: kuyambira zaka 55 mungathe kupuma, koma amadula 0.33 peresenti pa mwezi uliwonse umene watsala kuti mufike zaka 60, moti wopuma pa 55 amataya pafupifupi 20 peresenti, ndipo zaka zogulazo zimadulidwa limodzi.

Za ngongole sindichulukitsa mawu. R19,636 pachaka pa R255,000 ndi phindu losafika 8 peresenti, ndipo lidzayamba kubwera patapita zaka khumi, pamene malamulo a dziko lino amalola mabanki kulipiritsa pa ngongole yopanda chikole chiwongoladzanja chofika 21 peresenti pamwamba pa repo rate, chiwongoladzanja chimene Reserve Bank imabwereketsera mabanki, kuyambira mwezi womwewo umene mwasainira. Palibe masamu amene angapangitse zimenezo kukhala zanzeru. Ngati munthu akufunitsitsa zaka zambiri kuposa ndalama imene ali nayo, thumba lomwelo limalola kulipira pang'onopang'ono podula pa malipiro, ndipo ngakhale kuti limaikapo chiwongoladzanja, muyenera kuyamba mwafanizira chimenecho ndi cha kubanki. Mudziwenso kuti ngongole yotere ikatsala pa tsiku lopuma, amaichotsa pa ndalama zimene mukulandira.

Mawu a abambo akuti ndalama zinadyedwa sanachokere mumlengalenga. Ndalama za GEPF zimaikidwa m'malonda ndi bungwe la boma la Public Investment Corporation, ndipo pamene masheya a kampani ya Steinhoff anagwa mu Disembala 2017, thumbali linali m'gulu la amene anataya ndalama zambiri. Mu 2018 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anakhazikitsa komiti yofufuza kayendetsedwe ka bungwelo, yotsogoleredwa ndi woweruza Lex Mpati, ndipo lipoti lake, limene linatulutsidwa mu Malichi 2020, linapeza zolakwika zazikulu. Komabe palibe wopuma amene penshoni yake inadulidwa chifukwa cha zimenezo, pakuti masamu ndafotokoza aja sayendera mtengo wa masheya, ndipo thumba likapelewera, udindo woonjezera ndalama ndi wa boma monga bwana. Thumbalo lili ndi katundu woposa R2 thililiyoni. Ndikafanizira chiopsezo chakuti boma la South Africa lilephere kulipira penshoni za antchito ake ndi chiopsezo cha nyumba ya lendi imene eni ake ali kutali makilomita oposa chikwi, ine ndingaope kwambiri nyumbayo. Tonse tikudziwa za matumba a simenti amene amasowa m'manja mwa wachibale, mmisiri amene walandira ndalama ya denga n'kuzimitsa foni, ndi alendi amene amakhala miyezi itatu osalipira podziwa kuti alandilodi ali ku Joni. Sindikunena kuti nyumbayo musaimalize, chifukwa munthu wobwerera kumudzi amafunika pofikira, ndipo nyumba ndi chinthu chimene ana angadzachigwire ndi manja. Ndikungonena kuti nyumba ndi penshoni zikugwira ntchito zosiyana, ndipo banja lanzeru limafuna zonse ziwiri.

Msonkho uli kumbali yanu, koma osati mmene anthu amakokomezera. Kuyambira pa 1 Malichi 2016, ndalama zimene munthu waika ku penshoni zimachotsedwa pa ndalama zimene SARS, bungwe lotolera misonkho, imawerengerapo msonkho, mpaka kufika 27.5 peresenti ya zimene wapeza pachaka. Kwa inu malirewo ali chapafupi ndi R100,000, ndipo gawo lina latengedwa kale ndi zimene mumadulidwa mwezi ndi mwezi pamodzi ndi zimene boma limakuikirani. Zotsala zimene zapitirira malire sizitayika, zimadikira zaka zotsatira, koma zikutanthauza kuti munthu woika R255,000 nthawi imodzi sabwezeredwa msonkho wake wonse chaka chimodzi. Ichi ndi chifukwa china chogulira pang'onopang'ono. Sungani kalata ya mtengo ndi umboni wakuti munalipira, chifukwa ndalama yolipidwa kuchokera kubanki yanu mwina siioneka yokha pa IRP5, chikalata cha msonkho chimene bwana amapereka chaka chilichonse. Mukumbukirenso kuti penshoni ya mwezi ndi mwezi imadulidwa msonkho ngati malipiro, ikapitirira malire a anthu a msinkhu wanu.

Pali chinthu china chimene ndaona anthu ambiri akuchita chiyambireni dongosolo la miphika iwiri pa 1 Sepitembala 2024. Dongosololi limagawa ndalama zimene munthu akusonkha mu mphika wa ndalama zosunga ndi mphika wodikira kupuma, ndipo limalola munthu kutapa kamodzi pachaka mu mphika wa ndalama zosunga, kuyambira R2,000 kupita m'mwamba. M'matumba ena kutapako kumangochepetsa ndalama, koma ku GEPF kumachepetsa zaka za ntchito, ndipo ndalama yotapayo imadulidwa msonkho pa mlingo wapamwamba wa malipiro anu. Munthu amene wagula chaka ndi R85,000 kenaka n'kumatapa mu mphikawo pa Disembala aliyense, akugulitsa motchipa chinthu chimene anachigula modula. Ngati simutapa, zimene mudzalandire popuma zidzafanana ndi masamu tawerengera aja.

Ndikanakhala ine, pa R180,000 imeneyo ndikanayamba ndalipira ngongole ya R35,000 sabata ino. Ndikanapatula R60,000 ya mwadzidzidzi n'kuiika pamalo pamene ingatengeke msanga, chifukwa ife a ku Joni timadziwa mtengo wa ulendo wa mwadzidzidzi wopita kumudzi ndi mtengo wonyamula thupi kudutsa pa Beitbridge ndi pa Mwanza, ndipo munthu wopanda ndalama yotere ndi amene amathera kwa mashonisa, anthu a katapila. Yotsala ndi R85,000, imene ndi mtengo wa chaka chimodzi chenicheni. Lembaninso fomu Z215 kudzera ku ofesi yoona za antchito pa chipatala chanu, mupemphe mtengo wa chaka chimodzi, ndipo kalata ikabwera muone tsiku limene mtengowo ukuthera mphamvu. Ndalama imene inkapita ku ngongole mwezi ndi mwezi ipite ku nyumba ya ku Area 49, moyang'aniridwa ndi abambo. Nyumba ikafoleredwa, mudzafunsenso mtengo wa chaka chachiwiri. Udzakhala utakwera ndithu, koma mudzaulipira ndi ndalama yanuyanu.

Musanalipire kalikonse, tengani chikalata chimene thumba limatumiza chosonyeza mmene penshoni yanu ilili, muone tsiku limene alemba kuti munayamba kusonkha, ndipo mulifanizire ndi payslip yanu yoyamba ya mu 2013, imene ili ndi nambala yanu ya Persal (nambala ya wantchito wa boma) ndi mzere wosonyeza kuti anadula za penshoni. Tsikuli likalakwika ndi miyezi ingapo, miyezi imeneyo ndi yanu kale, ndipo kuikonzetsa sikufuna ndalama. Lembaninso fomu WP1002 yotchula anthu amene adzalandire ndalama zanu. Ngati ukwati wanu unali wa chinkhoswe chokha, thumbali limazindikira maukwati a chikhalidwe, koma limafuna umboni, choncho pezani chikalata cha ukwati panopa ankhoswe akadali moyo, ndipo muonetsetse kuti dzina la abambo lalembedwa mofanana pa pasipoti, pa chikalatacho ndi pa fomu. Akuluakulu athu amene anagwira ntchito m'migodi kudzera ku Wenela ndi ku Theba, ena akuyenderabe ndalama zawo mpaka lero, ndipo chimene chawavuta kwambiri ndi mapepala otayika ndi mayina olembedwa mosiyanasiyana. Mukadzakhazikika kumudzi, thumba lidzafuna chikalata chotsimikizira kuti muli moyo chaka ndi chaka, ndipo chikachedwa penshoni imaimitsidwa mpaka chifike.

Funso

Alangizi, ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina ya boma, ndili ndi zaka 58, kwathu ndi ku Kasungu. Zaka zambiri ndinkalipidwa ndi komiti ya makolo ya pasukulu, ndipo chilowereni pa malipiro a boma ndangokwanitsa zaka 6. Malipiro anga ndi R330,000 pachaka. Ndinkafuna kupuma pa zaka 60 chifukwa maondo akundivuta, koma ndamva kuti wosakwanitsa zaka 10 salandira penshoni ya mwezi ndi mwezi, ndipo ine pa nthawiyo ndidzakhala ndi zaka 8 zokha. Kodi nditagula zaka ziwiri zingandithandize? Nanga thandizo la boma pa medical aid ndidzalipeza?

*Mphunzitsi, Cosmo City*

Yankho

Aphunzitsi, nkhani yanu ndi yosiyana ndi ya mayi ayankhidwa pamwambapa, chifukwa kwa iwo chaka chogula chikungokweza penshoni imene ilipo kale, pamene kwa inu zaka ziwirizo zikusintha mtundu wa chimene mudzalandire. Lamulo la thumbali kuyambira kale ndi lakuti wopuma asanakwanitse zaka 10 amapatsidwa ndalama ya nthawi imodzi basi, ndipo lamulo limenelo likugwirabe ntchito pa zaka zimene munthu anagwira Sepitembala 2024 asanafike. Ndalama ya nthawi imodziyo si yobera munthu, imawerengedwa molingana ndi zaka zake, koma ikalowa m'manja udindo woisamalira mpaka imfa umakhala wa mwini wake, ndipo mayi akunyumba sakhala ndi theka la penshoni lowadikira. Mukakwanitsa zaka 10 pa malipiro anu a lero, ndipo ngati simunatape mu mphika wa ndalama zosunga, mudzalandira gratuity ya R221,760 ndi penshoni ya R60,360 pachaka, imene ndi R5,030 pamwezi, yokwera chaka ndi chaka. Ndalama imeneyo mu Johannesburg ndi yochepa, koma ku Kasungu kwa munthu wokhala m'nyumba yake ndi wolima chimanga chake ndi ndalama yooneka.

Zaka zogula zimawerengedwa ngati zaka za penshoni, choncho zingakufikitseni pa 10. Koma musanatulutse ndalama, pemphani thumba likulembereni chiyerekezo cha zimene mudzalandire pa zaka 60 mutagula ndiponso musanagule, kuti penshoni ya mwezi ndi mweziyo muione papepala ndi maso anu. Muyembekezerenso kuti mtengo wa chaka chimodzi udzakhala wokwera poyerekeza ndi malipiro anu, chifukwa munthu wa zaka 58 watsala pang'ono kuyamba kulandira.

Njira ina ilipo imene siifuna kugula. Lamulo la aphunzitsi la mu 1998 limalola kugwira ntchito mpaka zaka 65, ndiye mutapirira mpaka 62 mudzakwanitsa zaka 10 mukulandira malipiro athunthu, boma likukuikirani 13 peresenti yake, ndipo malipiro anu omaliza adzakhala atakwerako pa zaka ziwiri zoonjezerazo. Pa ndalama zokha, njira imeneyi ndi yopambana kutalitali. Koma maondo ndi anu, ndipo inu ndi amene mumakwera masitepe a pasukulupo ndi kuimirira pa bolodi tsiku lonse. Ngati dokotala wanu akuona kuti zaka zinayi zina m'kalasi zikuwonongani, ndiye kuti inu muli m'gulu la anthu ochepa amene ndingawauze mosazengereza kuti agule. Nkothekanso kugawa pakati, kugula chaka chimodzi n'kupuma pa zaka 61.

Pa medical aid yankho si lokoma. Kuti boma lipitirize kukuthandizani kulipira mwezi ndi mwezi mutapuma, pamafunika zaka 15 zimene munthu wazigwiradi, ndipo zaka zogula siziwerengedwa pamenepo. Ngakhale mutagwira mpaka 65 mudzakhala ndi zaka 13, choncho chimene mungayembekezere ndi ndalama ya nthawi imodzi imene imaperekedwa kwa osakwanitsa zakazo, ngati muli membala wa medical aid pa nthawi yopuma. Ngati mukubwerera ku Kasungu, GEMS, medical aid ya antchito a boma, ikanakuthandizani pang'ono chabe kumeneko, ndiye ndi bwino kuyamba panopa kufunsa mitengo ya mabungwe a thandizo la chipatala a ku Malawi, monga MASM, ndi malamulo awo okhudza anthu olowa atakula.

Funso

Alangizi, ine ndimayendetsa galimoto ku khonsolo ya mzinda. Kodi nanenso ndingagule zaka ngati anzathu a m'zipatala?

*Dalaivala, Turffontein*

Yankho

Bambo, antchito a makhonsolo sali mu GEPF, ali ndi matumba awoawo, ndipo ambiri mwa matumba amenewo amalipira munthu ndalama zimene iye ndi bwana wake asonkha pamodzi ndi phindu lake, osati potengera zaka. M'thumba lotere mulibe zaka zogula. Onani dzina la thumba lanu pa payslip, mufunse ngati malamulo ake amalola kusonkha ndalama yoonjezera mwa kufuna kwanu, chifukwa njira imeneyo kawirikawiri imakhala yotsika mtengo kuposa retirement annuity, penshoni yodzisungira nokha, yogula kwa wogulitsa inshuwalansi, ndipo malire a msonkho a 27.5 peresenti aja amakhudza zonse ziwiri. Ngati salola, kapena ngati mukufuna ndalama imene mungaitenge musanapume, pali akaunti yosunga ndalama yopanda msonkho, imene inayamba mu 2015 ndipo munthu angaikemo mpaka R500,000 pa moyo wake wonse, komanso ma RSA Retail Savings Bonds a boma, amene amayambira pa R1,000 ndipo ena mwa iwo amakwera motsatira mitengo ya zinthu. Wogulitsa aliyense amene akubweretserani pepala loti musaine, mumufunse kaye nambala ya chilolezo chake cha ku FSCA, bungwe loyang'anira ogulitsa zoterezi, ndi ndalama imene iye adzadule chaka chilichonse, ndipo akulembereni yankho lake m'marandi.